A Venansio ndi Maere a Ngalande ya Kumunsi

Lamulungu lapitali, pofika pa mapemphero a omwalira, akatekisiti anatchula dzina la a Venansio, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti chaka chakwana. Anthu a kuno ambiri sankawatchula dzinalo. Ankangoti Aphunzitsi, ngakhale choko anali atachisiya kalekale, ndipo akulu anzawo powathokoza ankati Ngozo, potsata mfunda wawo. Ndinakhala nawo pa benchi limodzi m'tchalitchi kuyambira pamene anapuma ntchito n'kubwerera kuno ku chigwa. Sindinganene kuti ndinali bwenzi lawo la pamtima, pakuti tonse awiri sitinali anthu olankhulitsa. Koma ndinawaonera pafupi, ndipo ndafuna ndilembe zimene ndinaona zisanasanduke nthabwala zokhazokha. Anthu akamawakumbukira lero amayamba ndi kuseka chipewa chawo. Ndi ochepa amene amatchula zoti m'zaka zawo zomaliza mlongo wawo mmodzi yekhayo sankacheza nawo, ndiponso kuti chimene chinawadanitsa ndi chipewa chomwecho.

Chinali chipewa cha ku mgodi, cholimba, chong'aluka pang'ono kumbuyo. Bambo awo anabwera nacho kuchokera ku Joni pamodzi ndi njinga, bulangete lolemera ndi chifuwa chimene chinadzawapha. Thukuta la ku mgodilo ndi limene linatumiza Venansio ku sukulu ku Nzama, pamene mlongo wawo, a Nangozo, anatsala pakhomo kulima ndi mayi awo. A Venansio sanachivalepo chipewacho. Ankachitembenuza ngati mbale, n'kuthiramo zitsekerero za mabotolo zimene anazilemba manambala ndi penti yoyera.

Anaphunzitsa masamu zaka zambiri pa sukulu ina ya sekondale cha ku Manjawira. Amene anadutsa m'manja mwawo, ena lero ali ndi imvi, amanena kuti m'kalasi mwawo munalibe pobisala. Akafuna kufunsa funso sankaloza mwana. Ankagwedeza chipewa, n'kuyang'ana kudenga, n'kutola chitsekerero, ndipo mwini nambalayo ankaimirira, kaya amakhala kutsogolo kaya kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko. Chifukwa chake ankachinena kawirikawiri, mpaka ife a kutchalitchi tinachiloweza. Ankati dzanja la munthu lili ndi maso ake, ndipo limathamangira kumene mtima wakonda kale. Mphunzitsi woloza yekha amaloza ana anzeru a kutsogolo, n'kupita kwawo akuganiza kuti kalasi yonse yamva. Ukafuna kudziwa za anthu ambiri pofunsa ochepa, ochepawo asasankhidwe ndi iwe, ndipo aliyense akhale ndi mwayi wofanana ndi mnzake woti atoledwe.

Pa msika ankaima nthawi yaitali kuonerera ogula mpunga akubaya matumba ndi kachitsulo kawo. Wogula akabaya pamwamba pokha, iwo ankapukusa mutu, chifukwa wogulitsa aliyense amadziwa pamene kachitsulo kamalowa. Wogula wina atatopa nawo anawafunsa ngati akufuna ntchito, iwo n'kuyankha kuti ntchito anali nayo kale, anangoona kuti sinaphule kanthu.

Za avareji ankaziphunzitsa, koma sankazikhulupirira zili zokha. Ankati avareji ndi munthu amene palibe anakumanapo naye pa msewu. Mmodzi wa ophunzira awo akale anandisimbira kuti tsiku lina anawandandalika panja, kuyambira wamfupi mpaka wamtali, n'kugwira phewa la amene anali pakati pa mzere. Kenaka anawerengetsa nawo avareji ya misinkhu yawo. Atatha anakaitana mphunzitsi mnzawo, munthu wamtali ngati mlongoti, kuti aime kumapeto kwa mzere. Avareji inakwera, koma pakati pa mzere panali ana a msinkhu womwe uja. Anawauza kuti munthu mmodzi wodabwitsa akhoza kukokera avareji kumwamba kapena pansi, koma wapakati sakokeka msanga, choncho aziona ziwiri zonsezi, n'kuonanso kuti wamkulu ndi wamng'ono atalikirana bwanji.

Khalidwe limeneli analitenga n'kubwera nalo kumudzi, ndipo silinali lokoma nthawi zonse. Munthu akanena pa msonkhano kuti anthu onse akudandaula, a Venansio ankakweza dzanja n'kufunsa mofatsa kuti wafunsa angati, ndipo anawasankha ndani. Amayi ena a mumphakati mwathu, kagulu kathu kopemphera m'nyumba, ankati kukamba nkhani pamaso pa Aphunzitsi kuli ngati kudya nsomba ya minga.

Anakanganapo ndi akatekisiti akale pa nkhani ya nyumba zopemphereramo. A Venansio anaona kuti mphakati umangozungulira m'nyumba za malata zokhala ndi mipando, ndipo anapempha kuti nyumba izisankhidwa ndi maere. Akatekisiti anati zimenezo ndi juga, sizingalowe m'zinthu za Mulungu. A Venansio anawakumbutsa kuti ngakhale atumwi anachitapo maere, ndipo anawonjeza kuti pa juga munthu amafuna kupambana, pamene pa maere awa munthu amafuna kudzichotsapo. Mkanganowo unatenga miyezi. Pomaliza anawalola kuyesa. Sabata ina maere anagwera nyumba yanga, patangopita nthawi yochepa chiikire mkazi wanga m'manda, pamene opepesa anali atasiya kubwera ndipo pabwalo panali posasesa. Anthu anakhala pa mphasa yong'ambika, naimba. A Venansio sananene chilichonse cha maliro. Pochoka anangondigwira dzanja, n'kunena kuti si iwo anandisankha.

Koma panali malire amene ankawasunga. Sankachita maere pa nkhani ya chikumbumtima kapena ya mlandu. Ankati maere ndi odziwira, si oweruzira. Ndimakumbuka mawu amenewa chifukwa cha zimene zinadzachitika ku sikimu yathu ya mpunga wothirira.

A Nangozo anali osiyana kwambiri ndi mchimwene wawo. Anali a mawu okwera, oseka ndi thupi lonse, ndipo mpunga ankaudziwa pongougwira masamba. Amuna awo nawonso anapita ku migodi, nabwerako odwala, ndipo asanamwalire anakumba limodzi ndi a Nangozo puloti yawo ku mapeto a sikimu, kumene timati kumunsi. Puloti imeneyo ndi imene inkadyetsa iwo, mwana wawo wamkazi ndi zidzukulu. Mwa mwambo wathu mchimwene ndiye mwinimbumba, woyang'anira mlongo wake ndi ana a mlongoyo, ndipo a Venansio udindowo ankaulemekeza. Asanadane, a Nangozo ankawaseka poyera kuti sukulu inawachotsa nzeru za m'manja, iwo n'kumangomwetulira.

Sikimu yathu imatenga madzi mu mtsinje. Ngalande yaikulu imadutsa kaye mapuloti a kumtunda, kenaka imakhota n'kutsikira kumunsi. M'dzinja madzi amakwanira aliyense. Vuto limabwera pa mpunga wa m'chilimwe, ndipo zaka zimenezo mtsinje unkachepa chaka ndi chaka. Anthu anayamba kutsekerana madzi ndi matope, ena anagwirana m'makosi. A kumtunda, amene anali ochuluka, ankati madzi opita kumunsi amangotayika, amalowa pansi m'njira, ndipo zokolola za kumeneko n'zosasangalatsa. A kumunsi ankati amakolola ngati wina aliyense, kungoti alendo akabwera amaonetsedwa mapuloti a m'mbali mwa msewu basi.

Wapampando wa komiti ya sikimu, a Fabiano, sanali munthu woipa. Anali atatopa ndi milandu. Pa msonkhano anapempha Aphunzitsi kuti ayeze zokolola za mbali zonse ziwiri, popeza iwo anali ndi puloti kumtunda, mlongo wawo kumunsi, ndipo onse ankawakhulupirira. Anagwirizana kuti zikaoneka kuti kumunsi kukutsalira, ngalande ya kumeneko idzatsekedwa m'chilimwe.

Kuyeza mapuloti onse kunali kosatheka, choncho a Venansio anapempha kuti atole makumi atatu mbali iliyonse. Anthu anakana. Mpunga unali utacha, mbalame zinali zitayamba kale kudya, ndipo palibe ankafuna kudikira chingwe cha Aphunzitsi asanamwete. Ananenerera ngati pa msika, kutsika, kutsika, mpaka anafika pa asanu kumtunda, asanu kumunsi. A Venansio anavomera nkhope ili yogwa. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaopa kuti akakana, nkhaniyo igamulidwa ndi phokoso, ndipo pa phokoso a kumunsi sakanapambana.

Maere anachitikira mu shedi ya sikimu m'mawa, anthu atadzaza. Puloti iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo manambalawo timawadziwa tonse monga timadziwira mayina. Ine anandipempha kuti ndigwire chipewa. Anayamba ndi zitsekerero za kumtunda, a Fabiano n'kutola zisanu nkhope atatembenuzira kukhoma. Kenaka a Venansio anathiramo za kumunsi, napempha kuti wotola achokere kumunsi komweko kuti pasadzakhale wonena kuti anaberedwa. A Nangozo anaimirira anthu asanayang'anane n'komwe. Anamanga bwino chitenje, nanena kuti dzanja lawo silinawagwiritsepo mwala, anthu n'kuseka.

Zitatu zoyamba zinali mapuloti abwinobwino. Chachinayi chinali cha mkulu wina amene anadwala nyengo yonse, moti m'puloti mwake udzu unali utapitirira mpunga. A kumunsi anang'ung'udza. A Nangozo anapisanso dzanja, natulutsa chachisanu, nachisuzumira m'chikhatho asanachikweze. Ine ndinaiona nambalayo, a Venansio anaionanso. Inali ya mtsikana wina amene mwamuna wake anapita ku Joni osatumiza mawu, ndipo iye anawokera mochedwa chifukwa anali ku chipatala ndi mwana. Panalibe wina aliyense amene anaona. Dzanja la a Nangozo linayamba kubwerera m'chipewa.

"Achimwene, ichi sindinachigwire bwino," ananong'ona. "Ndibweze."

"Onetsani anthu, Nangozo."

"Mukuidziwa puloti yake."

"Ndikuidziwa. Onetsani anthu."

Anayang'anana kanthawi. Kenaka a Nangozo anakweza chitsekererocho m'mwamba osatchula nambala, nachiika pa tebulo, n'kubwerera pa mphasa. Puloti yawo, imene aliyense ankadziwa kuti ndi yokongola kuposa onse a kumunsi, inatsala m'chipewa.

Kuyezako anakuchita mosamala monga ankachitira zonse. Pa puloti iliyonse mwini wake ankaima chofulatira n'kuponya kamtengo kumbuyo, ndipo pamene kagwera m'pamene ankakhoma zikhomo zinayi n'kuzunguliza chingwe, kuti malo omweta akhale ofanana paliponse ndipo asasankhidwe ndi diso. Mpunga wa m'kati mwa chingwe tinkaumweta, kuupuntha, kuupeta, kuuyanika, n'kuuika m'kathumba kakekake. Utauma tinauyeza pa sikelo anthu akuona.

Tsiku lopereka zotsatira, a Venansio anandandalika timatumbato pansi m'mizere iwiri, kuyambira kopepuka mpaka kolemera. Ta kumtunda tinali tofanana ngati ana a mimba imodzi. Ta kumunsi tinali tosiyana kwambiri. Kamodzi kanaposa tonse ta kumtunda, tiwiri tinkalingana ndi ta kumtunda, ndipo tiwiri tija tinali tongokwanira m'manja. Anagwira kathumba ka pakati pa mzere uliwonse, nakweza tonse tiwiri kuti anthu aone kuti sitikusiyana. Anafotokoza kuti avareji ya kumunsi yakokedwa pansi ndi mapuloti awiri amene vuto lawo linali matenda, osati madzi. Ananenanso kuti pamene zokolola zikusiyana chotere, asanu ndi ochepa kwambiri, ndipo maere ena akanatha kutulutsa chithunzi china. Anapempha kuti asagamule kanthu mpaka adzayezenso chaka chamawa.

A Fabiano anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Aphunzitsi, anthuwa sakutsatira. Tangotiuzani chimodzi. Avareji ya kumunsi ndi yotsika kapena ayi?"

"Ndi yotsika," anatero a Venansio. "Koma ndanena kuti..."

Zotsalazo zinamira m'phokoso. Ambiri mwa a komiti anali ophunzira awo akale, ndipo pa zonse zimene anawaphunzitsa, liwu limene linatsala m'mitu mwawo linali avareji. Anakweza manja, ndipo anagamula kuti ngalande ya kumunsi itsekedwe chilimwe chimodzi, aone mmene ziyendere.

A Nangozo anadikira mchimwene wawo pakhomo pa shedi. Sanakuwe. Anawafunsa motsitsa mawu, ine ndili pambali, kuti, "Mwinimbumba wanga ndinu, kapena ndi chipewa cha bambo?" Sanadikire yankho.

Nkhaniyi ndaiganizira zaka zambiri, ndipo sindinafike poti ndinganene kuti wolakwa ndi uyu. Mwa amene anadzamva zimene zinachitika pa maere paja, ena amati munthu sangagulitse mlongo wake chifukwa cha chitsekerero cha botolo, ndipo Mulungu akanamvetsa. Ena amati akanalola, akanakhala wakuba ngati otseka madzi ndi matope aja. A Venansio sankadziteteza. Kamodzi kokha, tikuchokera ku maliro ena, anandiuza kuti a kumunsi ndi ochepa, ndipo chinthu chokha chimene ochepa ali nacho pamaso pa ochuluka ndi maere osaberedwa. Akanalola kubweza chimodzi, akanathyola ndodo yokhayo imene anthuwo akanadzatsamira mawa. Anatinso sakanatha kunama pogwiritsa ntchito dzanja la mlongo wawo. Kenaka anati zonsezi n'zoona, koma sizibweretsa madzi.

Chilimwe chimodzi chija sichinathe. Ngalande ya kumunsi inadzaza mchenga, munamera bango, ndipo chaka chilichonse komiti inkati kuikumbanso n'kovuta. A kumunsi anatsala ndi mpunga wa m'dzinja wokha. Mwana wa a Nangozo anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito za m'nyumba, n'kusiya ana kwa agogo awo. A Nangozo, amene anthu ankabwera kudzawafunsa za mbewu, anayamba kugwira ganyu yowokera m'mapuloti a kumtunda. Tsiku lina a Venansio anawapeza atawerama m'matope m'puloti yoyandikana ndi yawo. Anaima pa mzere wa ngalande ndi khasu paphewa, kenaka anabwerera kunyumba osagwira ntchito tsiku limenelo.

Anatuma munthu kukawauza kuti atenge puloti yawo ya kumtunda. A Nangozo anabweza mawu akuti iwo si wopemphapempha, puloti ali nayo, imene anakumba ndi malemu amuna awo, chimene alibe ndi madzi. Mpunga umene a Venansio anatumiza chaka choyamba unabwerera pa njinga yomweyo. Zaka zotsatira sunabwerere, chifukwa zidzukulu zinali ndi njala, koma zikomo sanamveke.

Pa msonkhano waukulu wa sikimu, chaka ndi chaka, wapampando akafunsa ngati pali zina, a Venansio ankaimirira. Ankapempha chinthu chimodzimodzi, kuti pa mpunga wa m'dzinja ayezenso, makumi atatu mbali iliyonse, ndipo zikaoneka kuti minda ya kumunsi ndi alimi ake sakutsalira, ngalande ikumbidwe. Poyamba ankawayankha mwaulemu. Kenaka anthu ankayamba kuseka iwo asanatsegule pakamwa, achinyamata n'kumanong'onezana kuti chipewa chafika. A Fabiano atachoka pa mpando panabwera ena, amenenso anali a kumtunda. A Venansio ankamaliza mawu awo onse, n'kuthokoza, n'kukhala pansi. Maere sanawanyoze ngakhale tsiku limodzi, ndipo mumphakati tinapitiriza kusankha nyumba mwa njira yomweyo. Koma anasiya nthabwala zawo za pa msika, ndipo munthu akanena kuti anthu onse akuti, nthawi zina ankangomusiya.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ankapita kwa mlongo wawo, poyamba pa njinga, pambuyo pake wapansi ndi ndodo. Ine ndinkawaperekeza nthawi zina. Pa khonde sankafikapo, chifukwa sankaitanidwa. Ankakhala pa mtondo wakale umene unagonekedwa pafupi ndi nkhokwe. Ankapereka moni, a Nangozo n'kuyankha monga mwambo ufunira, kuti ali bwino kaya iwo, basi. Kenaka a Nangozo ankapitiriza zimene akuchita, kusankha nyemba kapena kusoka, atatembenukira kumbali. Madzi akumwa ankafika m'kapu yoyera bwino. A Venansio ankakamba nkhani ngati akuuza nkhokwe: wakuti wamwalira, mlatho wa uko wakonzedwa, mvula ikuoneka kuti ichedwa. Dzuwa likapendeka ankatsanzika. Ntchito zonse za mwinimbumba anapitiriza kuzigwira. Mdzukulu wamkulu atapeza banja, iwo ndi amene anakhala nkhoswe, ndipo a Nangozo zofuna zawo ankaziperekera mwa anthu ena, mchimwene wawo ali pomwepo.

Ndinawafunsapo ngati sakutopa. Anandiyankha kuti mlongo wawo sanawathamangitsepo, ndipo mtondo uja sunachotsedwepo, choncho iwo amaona kuti akuyembekezeredwa.

Matenda anawagwira nyengo yozizira. Mayi a kunyumba kwawo anali atatsogola kale, ana awo ali kutali ndi ntchito, ndipo atawatengera ku chipatala cha pa boma tinkadandaula kuti awadikirira ndani. Nditakwera minibasi kukawaona, ndinapeza a Nangozo ali pamenepo, atakhala pansi pambali pa bedi ndi kapoto ndi mtolo wa zitenje. Palibe anawatuma. Odwala anzawo anandiuza kuti mayiwo amawasambitsa, amawatembenuza, amakangana ndi aliyense wofuna kutsegula zenera, koma kulankhula nawo ayi.

Anali masana, nthawi yoona odwala. A Venansio anali ataonda kwambiri, koma maso anali omwe aja. Tinapemphera pang'ono. A Nangozo ankatakasa phala m'kapu, ndipo osakweza nkhope anati, "Achimwene, ndifunse. Tsiku lija litabwereranso, mukanandilola kubweza?"

A Venansio anatembenuzira nkhope kwa mlongo wawo.

"Ayi, Nangozo," anatero. "Koma ndikanakana kuyamba ndi asanu. Ndinkadziwa kuti ndi ochepa, ndinavomera. Pamenepo m'pamene ndinakulakwirani."

"Nanga zaka zonsezi osanena bwanji?"

"Ndinkanena ku msonkhano chaka chilichonse."

"Ku msonkhano," anatero a Nangozo. "Ine ndine msonkhano?"

A Venansio anayesa kuseka, koma chinabwera ndi chifuwa. Mlongo wawo anawadzutsa, nawatsamiritsa pa mkono wawo mpaka chinaleka. Kenaka anatenga supuni n'kunena kuti, "Yasamulani, achimwene. Phala likuzizira."

Sindikudziwa zimene anakambirana masiku otsatirawo, ndipo sindinafunse. Amene anagona bedi loyandikana anati ankawamva akutchula mayina a anthu akale, ndiponso kukangana za chaka chimene bambo awo anabwera ndi njinga. Anamwalira sabata isanathe. Pa maliro amuna a kwawo anavina ngoma fumbi kuti koboo, ophunzira awo akale anabwera ochuluka kuchokera ku Manjawira ndi kwina, a komiti ya sikimu analankhula zabwino zambiri. A Nangozo anakhala kumutu kwa bokosi, ndipo analira ndi mawu awo okwera aja, amene ambiri tinali titawaiwala. Ngalande ya kumunsi mpaka lero ikadali yotseka.

Titatuluka m'tchalitchi Lamulungu lapitali, miyendo inanditengera kwa a Nangozo. Anandilandira pa khonde, nandifunsa za ana anga, za bondo langa, za mbewu imene ndafesa chaka chino. Akalamba, koma akuyendabe okha. Tikucheza, maso anga ankangobwerera kufupi ndi nkhokwe, ndipo iwo anaona.

"Lamulungu masana limandivuta," anatero. "Ndilibenso womukhalira chete."

Mtondo uja ukadali pomwepo, chogona. Mbali ya pamwamba ndi yosalala, yakuda ndi kukhalidwa, ndipo ya pansi chiswe chayamba kuidya. Kutsogolo kwake kuli malo awiri olimba pamene pankaponda mapazi, ndi kadzenje kakang'ono kamene nsonga ya ndodo inakumba pang'onopang'ono. Bwalo lonse a Nangozo amasesa mpaka m'mphepete, koma tsache likafika pamenepo limazungulira. Masamba a chaka chathunthu aunjikana m'mbali mwa mtondowo, ndipo udzu wayamba kulowa kuchokera ku mpanda, koma pa malo a mapazi aja sunamerebe.